Mwana wa ku Chigwa cha Shire ukapeza malo pa yunivesite ya kunja, yamba ndi izi

Izi ndikulembera iwe mng'ono wanga wa ku Ngabu, wa pa Nchalo, wa ku Tengani, Bangula kaya ku Makhanga kutsidya, amene kalata yoti akutenga yafika ndipo kunyumba ayamba kale kukutchula kuti abwana. Za m'mabuku sindikudera nkhawa, munthu amene anakhoza MSCE akuwerengera pa tochi m'kalasi yotentha ngati ija sangalephere chifukwa cha mabuku. Zimene zimagwetsa anthu kunjaku ndi zing'onozing'ono, pepala limodzi losowa, kuzizira, ndalama yotha pa 12 mwezi usanafike pakati, ndi foni yakumudzi yosaleka kulira. Tiye nazo mwa dongosolo lake.

1. Mapepala, usanakwere n'komwe basi ya ku Blantyre

Pasipoti iwone tsiku lothera lero lomwe. Ngati itha mkati mwa kosi yako, pita ku Immigration ukakonzetse ukadali kuno, chifukwa kukonzetsa uli kunja ndi nkhani ya kudikira ndi kuyimbira anthu mafoni. Kalata ya sukulu, kalata ya sikolashipu, satifiketi ya MANEB, transcript ya ku koleji, police clearance, khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever ngati njira yako ikufuna, zonsezi zikhale mu envulopu imodzi ya pulasitiki m'kachikwama kam'manja, osati m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, chija chimatha kutsalira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukupeza patatha masiku. Chilichonse uchijambule bwinobwino ndi foni n'kudzitumizira pa imelo, kope ina usiyire munthu mmodzi wodalirika kunyumba.

Dziko lililonse lili ndi zake. Wopita ku UK kwa miyezi yoposa 6 amayenera kuyezetsa TB kuchipatala chomwe iwo eni anavomereza, osati chilichonse, ndipo pali ndalama ya zaumoyo yolipira limodzi ndi viza, kuyambira 2024 ophunzira amalipira mapaundi 776 pachaka. Ku South Africa study visa imafuna ukhale ndi medical aid yakomweko. Ku Germany ngati ulibe sikolashipu amafuna uwonetse ndalama ya chaka chonse mu akaunti yotsekedwa, pamene ankakweza mu 2024 inafika pa mayuro 11,904. Ziwerengerozi zimasinthasintha ndiye funsa ku ofesi ya ophunzira akunja ya sukulu yakoyo, osati kwa ajenti wa pa Facebook amene akufuna umutumizire kaye ya fomu pa Mpamba.

Nkhani ya forex uyiyambe msanga. Tonse tikudziwa mmene zilili kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kubanki sungangolowa lero n'kutuluka ndi madola, umapita ndi tikiti, viza ndi kalata ya sukulu n'kudikira. Koma usakwere ndege chimanjamanja poganiza kuti stipend, ndalama ya pamwezi ya sikolashipu, uyipeza ikukudikira pa eyapoti. Nthawi zambiri imalowa ukatsegula akaunti yakomweko, ndipo akauntiyo imafuna adilesi, adilesiyo imafuna dipoziti. Khala ndi kandalama kokukwanira masabata angapo oyamba.

2. Kulongedza

Ona pa tikiti kuti akulola zikwama zingati, maulendo ataliatali nthawi zambiri ndi ziwiri za makilogalamu 23 chimodzi, koma usangokhulupirira ine. Ukakaposa utulutsa katundu pamaso pa anthu pa Chileka ndipo azakhali amene anakuperekeza kuchokera ku Nsanje adzabwerera ndi theka la zimene anakupatsa.

Tenga mthiko ndi chipande. Useke kaya usaseke. Tenga ufa wa masiku oyamba okha, makilogalamu awiri atatu, Nali kapena kambuzi wouma, masamba a Chombe, nsinjiro zotsekedwa bwino, chitenje ngakhale uli mwamuna chifukwa chimagwira ntchito zambiri komanso tsiku lina adzakuuzani kuti aliyense abwere ndi chovala cha kwawo. Nyama ndi za mkaka usayerekeze, ku Ulaya ndi zoletsedwa kulowa nazo kuchokera kuno. Makakana kapena mlamba wowamba uja amayi akukulungira mu nyuzipepala, funsa kaye malamulo a dziko ukupitalo, ndipo pa fomu ya kasitomu ulembe chilungamo, maiko ngati Australia pa zakudya ndi mbewu samasewera. Masau ndi malambe udye konkuno ukhute.

Jekete yeniyeni ya chisanu usagule yodula kuno, pa kaunjika tenga imodzi yongofikira, yeniyeniyo ukagula komweko m'mashopu a zovala zogwiritsidwa kale ntchito, ali mbwee ndipo amadziwa chisanu chawo. Mapulagi a ku UK ndi ofanana ndi athu a mano atatu, koma ku Germany, ku France ndi kwina ndi a mano awiri ozungulira, ku South Africa nakonso ndi ena, gula adaputa imodzi usananyamuke kuti foni isakuzimire usiku woyamba.

Chinthu china, ndipo apa ndikunena mokweza: katundu wa munthu amene sunamuone akulongedza usanyamule. Kaya akuti ndi mankhwala a agogo, kaya ndi kamphatso ka mwana wawo ali ku Johannesburg. Tsegula uwone ndi maso ako kapena kana.

3. Sabata yoyamba

Tulo tikhala tosokonekera, m'mimba mosokonekera, koma sabata imeneyi ndi yoyendera maofesi. Yamba ndi simu khadi, kenako kalembetse kusukulu utenge ID, kenako boma lakomweko. Ku India amene viza yake ndi yoposa masiku 180 amalembetsa ku FRRO, ofesi yolembetsa anthu akunja, pasanathe masiku 14. Ku China uyenera kulembetsa komwe ukukhala mkati mwa maola 24, ukakhala mu hostelo ya sukulu amakuchitira okha koma ukakhala panja upite wekha ku polisi, kenako viza ija uyisinthe kukhala chilolezo chokhalira pasanathe masiku 30. Ku Germany umalembetsa adilesi yako ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri ndipo popanda kapepala kameneko zambiri sizitheka. Ku UK kalembetse kwa dokotala wa m'dera lako usanadwale, komanso tenga kalata ya kusukulu yosonyeza kuti ndiwe wophunzira kuti asakulipiritse msonkho wa khonsolo.

Wopita ku China adziwiretu kuti WhatsApp ndi Facebook sizigwira mwachizolowezi kumeneko, zonse ndi mapulogalamu a pa foni a WeChat ndi Alipay mpaka kugula nthochi, ndiye uyikire WeChat mchemwali wako kapena aliyense wa foni yabwino kunyumba usananyamuke, apo ayi amayi akhala sabata yonse osagona poganiza kuti ndege inakugwetsa.

Dziwitsanso ofesi ya kazembe wathu kuti ulipo, tili nazo ku London, Berlin, New Delhi, Beijing, Pretoria, Washington ndi kwina. Pasipoti ikadzasowa udzathokoza.

Nyumba. Tsiku lolowa, usanamasule n'komwe chikwama, jambula chipinda chonse, khoma, matiresi, zenera, paliponse pamene pali chilema, utumizire landilodi pa imelo. Potuluka dipoziti imadyedwa ndi zinthu zimene unazipeza zili choncho. Ndipo osatumiza dipoziti ya nyumba imene sunayione iwe kapena munthu womudziwa, akuba a pa intaneti amadikira ndendende anthu ofika kumene.

4. Kuzizira

Apa ndiima pang'ono chifukwa ife a ku Chigwa ndi amene timavutika kwambiri. Munthu wokulira komwe Okutobala ndi Novembala kumaposa madigiri 40, wogona panja pamphasa mpaka mbandakucha, amene akakwera zitunda za pa Thabwa mu Juni kufika ku Blantyre amayamba kale kufuna juzi. Ndiye taganiza Januwale wa ku Berlin kapena ku Beijing. Kutuluka panja kumakhala ngati walowa mufiliji ya pabutchala n'kudzitsekera.

Chinsinsi si jekete imodzi yonenepa, ndi kuvala mosanjikiza. Mkati kabudula ndi malaya othina aja otentha, pamwamba shati, kenako juzi, kenako jekete yosalowa mphepo ndi madzi. Chifukwa chake n'chakuti m'basi ndi m'kalasi mumakhala motentha ndi mahita, ukavala chinthu chimodzi chachikulu utuluka thukuta mkati kenako panja thukuta lija lizizira pathupi, chimfine chake ndi chimenecho. Makutu, zala ndi mapazi ndi zimene zimayamba kulira, ndiye chipewa, magolovesi, sokosi zokhuthala ndi nsapato ya jombo yokhala ndi mano pansi chifukwa m'mawa msewu umaterera ndi ayezi. Khungu limatuwa ndi kung'ambika, Vaseline akhale mnzako, milomo yomwe.

Hita ya kuchipinda imadya ndalama ngati magetsi ndi gasi mukulipira nokha, funsa usanasaine ngati zili mkati mwa lendi. Ndipo ngakhale kuzizire bwanji tsegulako zenera mphindi zochepa tsiku lililonse, apo ayi nkhungu yakuda imamera pakhoma ndipo landilodi adzakudula dipoziti. Zochapa ukaziyanika panja siziuma.

Chimene sakuuza ndi mdima. Ku London mu Disembala 4 koloko masana isanakwane dzuwa lalowa kale. Umatuluka m'nyumba kuli mdima, kubwera kuli mdima, kenako umangoona kuti sukufuna kudzuka, sukufuna kuyankha mafoni, chakudya sichikukoma. Si ufiti ndipo si ulesi. Tuluka masana ngakhale kwa theka la ola, ndipo madokotala akumeneko amalangiza vitamin D nthawi ya chisanu makamaka kwa ife a khungu lakuda, funsa ku famase.

5. Mphika

Kudya kumalesitilanti ndi njira yachidule yothetsera stipend. Phika. Ufa umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa, yang'ana Iwisa kapena White Star za ku South Africa, kapena ufunse a ku Kenya, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe kuti iwo amagula kuti, amadziwa ngodya zonse. Ukasowa ulipo semolina, ufa wa tirigu, nsima yake imamata pang'ono koma m'mimba mumakhala bata. Polenta ndi ufa wa chimanga wachikasu komanso wamisere, amapita ndithu.

Kuphika nsima pa chitofu cha magetsi cha kuhostelo kuli ndi kachitidwe kake. Gula kapoto kokhuthala pansi ka chogwirira chimodzi chachitali, chifukwa kopyapyala kamapsereza usanayambe n'komwe kuvundula. Madzi uwiritse mu ketulo kuti usawononge nthawi, koma ufa woyamba usungunule m'madzi ozizira mu kapu kenako uthire, phala likayamba kuthwanima chepetsa moto uvundikire mphindi zisanu, mbale ya chitofu imasunga moto nthawi yaitali ndiye ukamathira ufa womaliza uzimitsiretu, dzanja limodzi lagwira chogwirira lina likuvundula. Ukatha thira madzi mupoto nthawi yomweyo. Kusiya poto wa nkhoko mu sinki mpaka mawa ndi kumene kumayambitsa timapepala ta pafiliji ta anzako okhala nawo, ndipo khitchini yogawana ndi anthu a maiko asanu nkhondo yake imayambira pa sinki.

Nsomba youma ukamakazinga tsegula zenera, yatsa fani ya pamwamba pa chitofu, tseka chitseko cha kukhonde. Alamu ya utsi ikalira nyumba yonse imatuluka panja pa chisanu atavala zogonera, ndipo onse adzadziwa kuti ndiwe. Kuphimba alamuyo ndi sokosi ndi mlandu, osayesa.

Ndiwo sizivuta. Masamba otchedwa kale ndi sipinachi amalowa m'malo mwa mpiru, chiponde cha m'botolo chosathira shuga chimatendera bwinobwino, therere ndi nandolo zili m'mashopu a amwenye, nyemba za m'chitini, mazira, nkhuku ya ziwalo. Mbuzi ife a ku Ngabu tinazolowera, m'masupamaketi akuluakulu sipezekapezeka koma kumabutchala a halaal ilipo. Phika Lamlungu za masiku atatu anayi uyike m'makontena. Wa ku Germany akumbuke kuti Lamlungu mashopu amakhala otseka, ugule Loweruka, ndipo mabotolo apulasitiki osataya, ambiri amabweza masenti 25 lililonse ukawabwezera pa makina a m'shopu.

6. Ndalama ndi foni yakumudzi

Gawo ili ndi limene limaliza anthu akuluakulu. Stipend ukayisintha m'makwacha pa kakyuleta imaoneka ngati malipiro a bwana wa pa Illovo, ndipo kumudzi nawonso asintha kale, akudziwa. Koma ndalama ija anayiwerengera munthu mmodzi wokhala mu mzinda umenewo, lendi yokha imatha kudya theka kapena kuposa. Tsiku imene yalowa lipira lendi, tikiti ya basi ya mwezi, foni, patula ya chakudya uyigawe pa masabata anayi, ikako pambali kenakake ka mwadzidzidzi. Yotsalayo, ngati ilipo, ndiye ya kunyumba. Osati kuyambira kunyumba kenako lendi.

Sindikunena kuti uwaiwale ayi. Tikudziwa kwathu, madzi akasefukira ngati nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anthu amatsala ndi zovala za m'thupi, chaka china ndi ng'amba anthu n'kumakadya nyika za m'madambo, ndipo pamenepo munthu sungakhale chete. N'chifukwa chake kandalama kapambali kaja n'kofunika. Koma usananyamuke khala pansi ndi amayi, abambo kapena amalume, uwauze chilungamo kuti ukupita kusukulu osati kuntchito, utchule kuchuluka kwa imene ungamatumize pamwezi ngakhale ichepe, ndipo musankhe munthu mmodzi yekha wolandira. Aliyense wopempha, kaya ndi msuweni wa fizi, kaya ndi mlamu wa mpamba wa geni ya nsomba, umuuze kuti akaonane ndi amalume. Ukayamba kutumizira aliyense payekhapayekha mwezi wachitatu udzakhala ukudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka kwinaku akukunena kuti watukumuka.

Tumiza kudzera njira zodziwika, Mukuru, WorldRemit, Western Union ndi zina, zambiri zimagwetsera mu Airtel Money kapena Mpamba mwachindunji ndiye agogo safunika kukwera kabaza kupita kubanki pa boma. Fananiza mtengo wosinthira osati ya chindapusa yokha. Ndipo wina akakupempha kuti ndalama yake idutsire mu akaunti yako akupatse kangachepe, kana, ophunzira ambiri atsekeredwa maakaunti ndi kuyankha milandu chifukwa cha zimenezo.

Kambiranani za maliro. N'zowawa kuzinena koma zidzachitika, ndipo tikiti yogula lero kuti unyamuke mawa mtengo wake sungaukwanitse. Awuziretu kuti ukadzalephera kubwera si mwano, udzatumiza chipepeso n'kudzaona manda pobwera.

Maganyu aliko, kutsuka mbale, kusamalira okalamba, kulongedza katundu m'mawerehausi, koma viza ili ndi malire. Ku UK ndi maola 20 pasabata nthawi ya sukulu ndipo bizinesi yakoyako siloledwa, ku South Africa nakonso maola 20, ku Germany masiku 140 athunthu pachaka, maiko ena salola n'komwe popanda chilolezo, masikolashipu enanso amaletsa. Ola limodzi lowonjezera likhoza kukudyera digiri yonse.

7. M'kalasi

9 koloko ndi 9 koloko. Basi nayonso sidikira kuti idzaze.

Alekichara ena ku Ulaya ndi ku America amafuna uwatchule dzina lawo loyamba, poyamba lilime limakana chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sumutchula dzina, yamba ndi Dr kapena Professor mpaka akuuze okha. Ku India ndi ku China ulemu wake uli pafupi ndi wathu. Kukhala chete m'kalasi ife timati ndi ulemu, iwo amaona ngati sunawerenge. Yankhula ngakhale Chingerezi chako chikumveka cha ku Chikwawa, akapanda kumva ubwereze pang'onopang'ono basi. Ali ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira, pita, safunsa anadya phula.

Kukopera ndi mlandu waukulu kuposa mmene tinazolowera. Asayimenti imadutsa mu Turnitin, pulogalamu yogwira okopera, chiganizo chilichonse chimene watenga kwa wina ulembe kuti wachitenga kuti, ndipo za ChatGPT werenga malamulo a kosi iliyonse chifukwa amasiyana. Kujomba nakonso, ku UK sukulu ndi imene inakuyimira pa viza ndiye ukasowa nthawi yaitali amakanena ku boma. Ukadwala kapena kukagwa zovuta kunyumba lemba imelo tsiku lomalizira lopereka asayimenti lisanafike upemphe akuwonjezere masiku, amamva, koma osati pambuyo pake.

8. Thupi ndi mtima

Ukatentha thupi m'miyezi yoyamba, kapena utangobwera ku holide, uza dokotala momveka kuti wachokera ku dera la malungo ndipo akuyeze magazi. Ambiri kumeneko malungo sawaganizira, adzakuuza kuti ndi chimfine ukamwe madzi. Limbikira.

Kusungulumwa kumabwera phwando la kufika litatha, cha mwezi wachiwiri. Anthu oyandikana nawo nyumba sakupatsa moni, m'basi aliyense maso pa foni, palibe wokufunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo ena ukati Malawi amafunsa kuti ili mbali iti. Ena adzakuyang'ana moipa kapena kusuntha pampando, zikafika ponyozedwa kanene kusukulu, ali ndi ofesi yake. Funafuna gulu la aMalawi a mu mzinda umenewo, amakumana pa 6 Julaye ndi pa zovuta, peza tchalitchi kapena mzikiti, lowa timu ya mpira ya kusukulu. Koma usamangokhala ndi aMalawi okhaokha kukambirana za Bullets ndi Wanderers chaka chonse, mnzako wa m'kalasi wa ku Vietnam kapena ku Brazil ndi amene adzakuuze komwe kuli ganyu ndi mmene mayeso a chaka chatha analili. Aphungu a zamaganizo pasukulu zambiri ndi aulere ndipo sauza munthu.

Kuyimba kunyumba ikani tsiku ndi nthawi. India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, China maola 6, UK ili m'mbuyo ndi ola limodzi nthawi yotentha ndi awiri nthawi ya chisanu. Uwafotokozere, apo ayi akuyimbira 2 koloko usiku kuti angokumva mawu. Bandulo uziwagulira ndiwe, ndi yotchipa kusiyana ndi kuyimba mwachindunji, ndipo poti netiweki kumadera ena imafuna kukwera pachulu, mavoisi noti amathandiza kuposa vidiyo.

9. Tsiku lothera viza

Lilembe pa kalendala ya foni ndi alamu ya miyezi itatu lisanafike, linanso la pasipoti, linanso la inshuwalansi ya zaumoyo. Kuwonjezera viza kumafuna kalata yatsopano ya sukulu, masitetimenti a kubanki a miyezi ingapo ndi ndalama yolipira, ndipo malo okaonana ndi a ofesi ya maviza amadzaza msanga nthawi imene aliyense akuwonjezera. Ukasamuka nyumba dziwitsa sukulu ndi ofesi imene unalembetsa ija sabata yomweyo. Malisiti a lendi, makalata a boma ndi mapepala a malipiro a ganyu usataye ngakhale limodzi, ika mu envulopu yomwe ija, adzazifuna powonjezera viza komanso potseka akaunti ukamabwerera.